Zala Khumi pa Nsalu ya pa Guwa

Mtengo wa mabulosi umene uli kuseri kwa nyumba yathu sindinaubzale ine. Anaubzala msuweni wanga, mwana wa amalume a ku Maniamba, chaka chimene anabwera kudzakhala nafe. Kwawo sekundariya ili kutali kwambiri ndi munda wawo, choncho amalume anapempha amayi kuti mwanayo azikhala kwathu, tizipitira limodzi kusukulu ku Metangula. Ndi wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi.

Anatsika shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, ali ndi chikwama chimodzi ndi timitengo tisanu tokulunga m'nsanza yonyowa. Ababa ataona anaseka, nati mchenga wa kunyanja kuno umadziwa chinangwa ndi mango basi, zinazi ndi kutaya madzi. Msuweni wanga anangomasula nsanza ija. Anazungulira nyumba kawiri, nasankha kuseri kwa bafa, pomwe madzi osamba amatsikira. Ine ndinangoima pambali, manja kumbuyo, mpaka anandiitana kuti ndigwire.

Anandiphunzitsa tsiku lomwelo. Kamtengo kobzala kazikhala konenepa ngati chala, kutalika kuchokera pachigongono kufika pamfundo ya dzanja. Pali timaso m'mbali mwake, ndipo timasoto tiziloza kumwamba. Ukazondotsa, ungathirire mwezi wonse koma sikaphuka. Timaso tiwiri tilowe m'nthaka, totsalato tione dzuwa. Mwa timitengo tisanu tija, tiwiri tinauma, tiwiri tinadyedwa ndi mbuzi ya aneba. Kotsalako tinakatchingira ndi zidutswa za ukonde wakale wa ababa, ndipo kanakula mofulumira ngati kakuthawa china chake. Chaka chachiwiri kanali katapitirira denga la bafa.

Ababa omwe ankaseka aja ndi amene tsopano amasokera ukonde mumthunzi wake. Masamba ake timapatsa mbuzi, anthete amayi amawaphika ndi nsinjiro mvula ikachedwa. Aneba athu odwala shuga amabwera kudzathyola ena oti aziwiritsa ngati tiyi. Ana amapsinya zipatso m'chivindikiro cha botolo n'kumalemba pakhoma ndi kamtengo. Zipatsozo zimapsa nthawi yotentha, mwezi wa Outuburu: zimayamba zobiriwira, kenako zofiira, pomaliza zakuda bii, ndipo ukadya zakudazo manja ndi milomo zimakuneneza tsiku lonse. Koma msuweni wanga anandionetsa chinsinsi cha kwawo. Utenge mabulosi osapsa, obiriwira aja, uwatikite m'manja mpaka aphwanyike, kenako usambe. Kufiira konse kumachoka. Iye mwini sankavutika nazo kawirikawiri. Ankati manja ofiira sanaphepo munthu.

Ine ndine munthu wosalankhula. Kusukulu purofesora akaloza dzanja mbali yathu, ndimayang'ana pansi ngakhale yankho ndikulidziwa. Zimene ndikanati ndinene ndimazilemba m'kaderno lachikuto chobiriwira, limene ndimalisunga pansi pa zovala. Anthu amanditcha mwana wofatsa. Amayi ankanyadira zimenezo, ndipo ine ndinkaganiza kuti kufatsa ndi kukhala wabwino ndi chinthu chimodzi.

M'kaderno momwemo ndi momwe ndinalemba kanyimbo kena chaka choyamba chimene mtengo unabereka. Ndinakapekera ana aang'ono a m'dera lathu, amene ankasonkhana pansi pa mtengowo akuyembekeza zakugwa. Amagwirana manja kuzungulira tsinde, akuimba:

Bulosi, bulosi, wapsa liti?
Dzulo dzulo, mbalame isanadzuke.
Wadya ndani? Onetsa manja!
Oyera khala, ofiira thawa!

Pa mawu akuti "onetsa manja" onse amatambasula zikhato, ndipo wa manja ofiira amathawa, anzake n'kumuthamangitsa. Ndinamuphunzitsa mng'ono wanga yekha, wa zaka zisanu, koma pasanathe sabata kanyimboko kanali katafika mpaka kugombe. Palibe ankadziwa kuti ndi kanga. Ndikakamva ndikuchokera kusukulu, mtima unkandikoma mwakachetechete.

Tsopano ndilembe za nsalu.

Ku tchalitchi chathu kuli nsalu yoyera yaitali imene imayalidwa pa guwa masiku akuluakulu okha. Imasungidwa ndi amayi ena achikulire amene tonse timawatcha amayi a nsalu. Timitanda ta m'makona ake tinasokedwa ndi malemu amayi awo, ndipo nsaluyo akuti inabwera pa ngalawa kuchokera ku Likoma iwo akadali mtsikana. Sichapidwa kunyanja monga zovala zina, simenyedwa pa mwala, sipotoledwa. Imachapidwa m'beseni lakelake, ndipo madzi oyamba satayidwa pabwalo. Amathiridwa patsinde la mtengo, pomwe anthu saponda. Amayi a mpingo amapatsana zochapazi mosinthana, koma nsalu yaikuluyi sipatsidwa kwa wina aliyense. Chaka chatha, pokonzekera chikondwerero cha tchalitchi chathu, inapatsidwa kwa amayi anga koyamba. Anabwera nayo kunyumba ataisenza m'dengu, akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula mazira.

Anaichapa Loweruka m'mawa, madzi oyamba aja nathira pa mtengo wa mabulosi. Anayanika nsaluyo pa chingwe chakutsogolo, kutali ndi mtengo chifukwa cha zitosi za mbalame, kenako anapita ku msika ndi usipa. Anati tisaikhudze, adzaianula okha. Msuweni wanga anali atathyola mabulosi mbale yodzaza m'mawa womwewo kupatsira mayi wina wapafupi amene anali atangochira, ndipo masana anapita kukaphunzira nyimbo za kwaya. Ndinatsala ndekha. Ndinakhala pansi pa mtengo ndi kaderno langa, dzanja lina likulemba, lina likuthyola, kenako ndinasiya kulemba n'kumathyola ndi onse awiri.

Ndiye kunabwera kamvulumvulu, kotere kamene kamadzuka nthawi yotentha popanda chenjezo. Kanadutsa pabwalo ndi fumbi ndi masamba, ndipo nditasuzumira ndinaona nsalu itachoka pa chingwe mbali imodzi, ikukwekwerezeka kulunjika padzala pomwe timataya phulusa. Sindinaganize kanthu. Ndinathamanga ndi kuigwira ndi manja onse awiri.

Nditatsegula manja, zala zanga zonse khumi zinali pamenepo, pafupi ndi kamtanda ka pakona.

Mpaka apa ndikanatha kufotokozera munthu aliyense popanda kugwetsa nkhope. Zotsatirazi ndi zimene ndazilemba ndi kufufuta kangapo. Ndinathamangira sopo. Ndinapaka pamadontho paja n'kutikita, ndipo m'malo mochoka anasanduka obiriwira moderako, ngati chilonda chamkati, natambalala. Ndinaona dzuwa likupendeka, ndinaopa kuti amayi apeza nsalu yonyowa. Ndinasonkha makala m'simbi ndi kusita malo onyowawo mpaka anauma. Sindinkadziwa kuti moto umakhomerera banga m'nsalu. Ndinasita nsalu yonse, ndinaipinda bwinobwino banga lili mkati, ndinaiika m'dengu. Kenako ndinapita kuseri, ndinathyola mabulosi osapsa odzaza dzanja, ndinatikita manja anga mpaka anayera.

Amayi atabwera ndinawauza kuti kunali mphepo, choncho ndaianula ndi kuisita. Anayang'ana mapindidwe ake, nandisisita pamutu. Sanaitambasule, poopa kuikwinya.

Anaitambasula ndi amayi a nsalu, Lamulungu m'mawa, m'kachipinda kovalira ansembe, amayi ena asanu ali pomwepo. Ine sindinaone, ndinali panja. Ndinangoona kuti pa guwa payalidwa nsalu yakale yazigamba, pa tsiku la chikondwerero, ndi kuti amayi anga sanapite kukakhala kutsogolo ndi anzawo. Anakhala pa benchi lakumbuyo, mpango atautsitsira kumaso. Misa yonse sanaimbe.

Titafika kunyumba sanavule ngakhale zovala za ku tchalitchi. Anatiitana tonse awiri pakhonde.

"Onetsani manja," anatero.

Ndinatambasula anga. Anali oyera. Msuweni wanga anatambasula ake, ndipo kufiira kwa dzulo kunali kudakali m'mizere ya zikhato ndi m'mbali mwa zikhadabo.

"Azakhali, ine sindinaikhudze. Ndinali ku kwaya."

"Usanapite ku kwaya?"

"Sindinaikhudze."

Amayi anatembenukira kwa ine nandifunsa ngati banga ndinaliona posita. Apa ndi pomwe pakamwa panga panayenera kutseguka. Ndinayang'ana pansi monga ndimachitira kwa purofesora, ndinapukusa mutu. Amayi sanafunsenso. Mwana wawo wofatsa anali asanawanamizepo.

Anamupatsa msuweni wanga mpata katatu tsiku limenelo kuti avomere, ndipo katatu konse anakana. Lolemba amayi anaimbira amalume foni ali pabwalo, mokweza kuti tonse timve. Anati nsalu ndi nsalu, mwana aliyense amalakwa, koma munthu wokana chinthu chili m'manja mwake sangamusunge pakhomo pawo. Anati amukweza shapa ya Loweruka. Mayeso a kumapeto kwa chaka anali atatsala masabata atatu. Tonse tinkadziwa kuti akakwera phiri kubwerera ku Maniamba osalemba, chaka chatayika, ndipo amalume sangapeze kwina komuika. Akalima chimanga, kenako akakwatiwa.

Nkhani inali itayenda kale. Ana amamva zonse zimene amayi awo amalankhula potsuka mbale. Lachiwiri tikuchokera kusukulu tinawapeza atazungulira mtengo, ndipo kanyimbo kanga kanali katasintha mzere umodzi:

Wadya ndani? Wa ku Maniamba!
Oyera khala, ofiira thawa!

Mng'ono wanga anali momwemo, akudumpha. Msuweni wanga anadutsa pambali pawo osatembenuka, nalowa m'nyumba. Ine ndinaima pachipata, mabuku pachifuwa. Nyimboyo ndinaipeka ndine, manja oyerawo anali anga, ndipo ndinangoima.

Sabata imeneyo tinkagona pamphasa imodzi monga mwa masiku onse, tinkayenda njira imodzi kupita kusukulu. Sanandinene, sananditukwane. Ankandisungirabe malo pamthunzi nthawi yopuma. Ndikanakonda akanandimenya. Chakudya ndinkangochisiya m'mbale, amayi n'kumaganiza kuti ndikumvera chisoni msuweni wanga, nauza aneba kuti mwana uyu ali ndi mtima wofewa. Tsiku lililonse ndinkalemba m'kaderno kuti mawa ndinena. Ndinalemba zonse, kamvulumvulu, sopo, simbi, ndi mabulosi osapsa omwe. Papepala sizinkavuta.

Lachinayi masana ndinamupeza kuseri akupalira udzu patsinde la mtengo. Anayamba kundiuza zoti ndizichita iye akachoka: nthambi zizidulidwa nthawi yozizira, masamba atathothoka, osati tsopano, ndisalole ana kukwera chifukwa nthambi zake sizichedwa kuthyoka, madzi a sopo wambiri ndiziwapatutsa. Ankalankhula osandiyang'ana. Kenako anaima, natsamira khasu.

"Ukanandiitana ku kwaya," anatero. "Madzi owira, kuthira uli patali, ndi ndimu. Banga likanachoka lonse. Sopo ndi simbi ndiye zinaononga."

 Ndinamufunsa motsitsa mawu kuti wadziwa bwanji.

"Nthambi yam'munsi iyi inali ndi osapsa ambiri Loweruka m'mawa. Madzulo inalibe. Amadya osapsa ndani? Chinsinsi chija ndinauza munthu mmodzi yekha kunyanja kuno."

"Nanga bwanji sunawauze amayi?"

Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma.

"Ndinene kuti mwana wanu wofatsayu ndi amene? Ine wobwera, wa manja ofiira? Akanati ndawonjezera bodza pa bodza. Komanso, msuweni, pakamwa uli napo wekha."

Anatola khasu napitiriza kupalira.

Lachisanu sindinapite kusukulu, ndinati mutu. Amayi anali kugombe, pa thandala lathu loyanikira usipa, akutembenuza nsomba ndi manja. Ndinayenda ndi kaderno langa mpaka pomwepo, ndinalitsegula pa tsamba la Loweruka lija, ndinagwada ndi kulipereka. Ndinkaganiza kuti awerenga okha, ine n'kupulumuka kulankhula. Amayi amawerenga bwino Chinyanja, anaphunzirira m'buku la mapemphero. Anapukuta manja pa kapulana, chitenje chawo cha m'chiuno, nawerenga mizere iwiri kapena itatu. Kenako anandibwezera.

"Werenga wekha. Ndikufuna ndimve mawu ako."

Panali amayi ena pa mathandala oyandikana. Ndinawerenga. Malo ena mawu ankatha, ndipo amayi ankangoti, "Kweza." Nditafika pa mabulosi osapsa ndinalephera kupitiriza. Anadikira mpaka ndinamaliza tsamba lonse. Sanandimenye, sanakuwe. Anatembenuza usipa wina kanthawi, kenako anati banga silinawapweteke ngati zimene ndawachititsa kwa mwana wa mchimwene wawo. Anati ndawasandutsa munthu woweruza mwana wamlendo ndi maso okha.

Msuweni wanga atabwera kuchokera kusukulu anapeza chikwama chake, chimene anali atalongedza kale, chitamasulidwa, zovala zitabwezeredwa m'malo mwake. Amayi anamuitana pakhonde pomwe paja. Sindinawaonepo akupepesa mwana, ndipo sanadziwe poyambira. Anamugwira manja onse awiri, nawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndinakulakwira, mwana wa achimwene. Ukhala."

"Ndamva, azakhali," iye anayankha. Sanalire. Amene ankalira ndi ine, ndipo ndinachita manyazi ndi kulirako, chifukwa kunkaoneka ngati ndikupempha kuti andimvere chisoni.

Madzulo omwewo amayi ananditengera kwa amayi a nsalu, ndipo kumeneko ndinanena ndi pakamwa, popanda kaderno. Amayi a nsalu anamvetsera atatseka maso. Anandifunsa funso limodzi, ngati nsaluyo inakhudza phulusa, ndipo nditati ayi anagwedeza mutu. Sanandipatse chilango chimene ndinkayembekeza. Anangoti kuyambira tsopano tsiku lililonse limene nsalu yaikulu yayalidwa, ndine ndizigwira mbali ina poipinda. Msuweni wanga anawathandiza ndi ndimu ndi dzuwa kwa masabata awiri, ndipo banga linazilala, koma silinathe. Amaiyala mbali imeneyo ikuloza kukhoma. Anthu m'mabenchi saona kanthu. Ine popinda, kona imeneyo imagwera kwa ine nthawi zonse, ndipo sindikudziwa ngati amayi a nsalu amachitira dala.

Lamulungu lotsatira amayi anaimirira pa msonkhano wa amayi a mpingo nanena zoona zake. Msuweni wanga analemba mayeso, anakhoza, ndipo akadali nafe. Akuluakulu onse akudziwa tsopano kuti zala zija zinali zanga. Sanditchanso mwana wofatsa kawirikawiri. Ena amati madzi odikha, n'kusiyira pomwepo.

Koma ana sapita ku msonkhano wa amayi. Ndinayesa kubweza mzere wakale. Ndinakhala pansi ndi mng'ono wanga, ndinamuuza kuti nyimboyo simati "wa ku Maniamba", imati "onetsa manja". Anavomera, koma atalowa m'bwalo la anzake anaimba monga onse. Ndinapeka mzere wina wonena za ine, wakuti wadya ndi mwana wa pakhomo pano. Sunagwire, ana anati sukoma kudumphira. Ena mwa amene akuimba chaka chino sadziwa n'komwe za nsalu, sadziwa kuti Maniamba ndi malo. Ndinamva kuti kanyimboko kafika mpaka ku Meluluca, ndi mzere womwewo.

Mabulosi apsanso tsopano, ndipo abereka kuposa chaka chatha, nthambi mpaka kuwerama. Dzulo tikuchokera kusukulu tinawapeza ana asanu ndi awiri atazungulira tsinde. Ndinaika mabuku pansi kuti ndikawabalalitse, monga ndakhala ndikuchitira masiku onsewa, koma msuweni wanga anandigwira pamkono.

"Asiye. Ukamawaletsa ndiye amakweza mawu."

Tinalowa m'nyumba nyimbo ikutitsatira pawindo. Pambuyo pake ndinathyola akuda okhaokha, osankha bwino, ndinamuikira m'kambale pambali pa mabuku ake. Anati zikomo. Mtengowo amauthirirabe, ndipo nthawi yozizira anaudulira yekha, koma chiyambire Loweruka lija sindinamuonepo akudya ngakhale limodzi. M'mawa uno kambale kaja ndinakapeza pomwepo, nyerere zitazungulira, ndipo ndinakapereka kwa mbuzi iye asanabwere kosamba.